Zimene ndinalemba za woponya wa ku Mchinji

Besibolo ndinayamba kusewera ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu, msinkhu umene anzanga ambiri anali atasiya kale kuthamanga. Anandikokerako ndi mnzanga wa kuntchito, ku kampani ina ya ku Solihull, pafupi ndi Birmingham, yopanga zitsulo za galimoto, kumene ndimayeza ngati zitsulozo zatuluka bwino. Kwathu masewerawa ndinali ndisanawaonepo. Malamulo ake ndi ambiri koma mutu wake ndi waufupi. Wina amaponya kampira kolimba, wina amayesa kukamenya ndi ndodo. Akakamenya amathamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo, akaphonya katatu watuluka.

Kalabu yathu inali ya anthu ongokonda masewera, palibe ankalandira kanthu. Bwalo tinkabwereka pa paki ina kufupi ndi Oldbury, ndipo Loweruka lililonse tisanayambe tinkayenda pamzere kutola mabotolo osweka ndi zonyansa za agalu. Tinali ndi matimu awiri: yaikulu yosewera mu ligi, ndi yaing'ono ya ophunzira. Sizoni inkayamba mu Epulo n'kutha mu Seputembala, ndipo ikatha anthu atatu a timu yaing'ono ankakwezedwa kupita ku yaikulu. Akochi athu anali bambo wachizungu wopuma pantchito, amene anayendetsa mabasi moyo wawo wonse. Sankalankhula zambiri. Munthu akalakwitsa ankangovula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati, kenako n'kuchivalanso.

Ine ndinali woponya wachitatu wa timu yaikulu, kutanthauza kuti ndinkalowa awiri enawo akatopa. Phewa langa lamanja linali litayamba kuwawa, moti nthawi zambiri ndinkakhala pabenchi ndi buku la magemu, kulemba mpira uliwonse woponyedwa, amene wamenya ndi amene watuluka. Ndinkalembera matimu onse awiri. Anzanga ankandilemekeza chifukwa cha bukulo. Mmalawi pakalabupo ndinali ndekha, ndipo zinkandikomera kuti ankandidziwa ngati injiniya wa bata, wosalakwitsa manambala.

Chaka chimene ndikunenachi, mu Meyi, mpingo wathu wa ku Birmingham unapita kukadyera limodzi pa paki titatuluka m'mapemphero. Ana ankasewera ndi mpira wa tenisi ndipo unagubuduka kukafika kumpanda, kutali kwambiri. Munthu wina amene anali ataima kumeneko anautola n'kuuponya. Mpirawo unadutsa pamwamba pa tonsefe molunjika, osakwera kwambiri, n'kukagwera m'manja mwa mwana amene ankaufunayo. Ndinasiya mbale yanga pa udzu n'kupita kukamufunsa kumene anaphunzira kuponya chotero.

Anali wa ku Mchinji, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo anali atangotha miyezi inayi m'dziko muno. Anabwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, yoyenda khomo ndi khomo kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwapatsa mankhwala. Mkazi ndi mwana anawasiya kumudzi. Anandiuza kuti ku sekondale ankaponya nthungo pa mipikisano ya masukulu. Ndinamuitanira ku kalabu ndipo ndinamubwereka golovesi yanga yakale yowakhira mpira. Kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti achimwene, ine n'kumamuti mphwanga.

Masabata oyamba mpira wake unali wamphamvu koma wopanda njira. Tsiku lina anaswa nyali ya njinga ya munthu wodutsa, akochi n'kuyang'ana m'chipewa nthawi yaitali. Koma pofika mu Julaye zinali zitasintha. Ankauika mpira pamene wowakha waika golovesi, ndipo omenya a matimu ena ankabwerera kubenchi akupukusa mitu. Pulakatisi yathu inkachitika Lachitatu madzulo, ndipo iye ankajomba kawirikawiri chifukwa rota ya kuntchito kwake, ndandanda ya masiku ndi maola ogwira ntchito, inkatuluka mochedwa ndipo inkasintha popanda kumufunsa. Mmalo mwake ankaponya yekha pakhoma la magalaja kuseri kwa nyumba imene ankakhala, atajambulapo bokosi ndi choko. Ndinkadziwa zimenezi chifukwa ankanditumizira mavidiyo pafoni, akufunsa kuti, "Achimwene, phazi lakumanzere likutera bwino apa?"

Loweruka lina mu Ogasiti, gemu itatha, tinakhala pa udzu kudya masangweji. Mmodzi mwa anzathu anamufunsa za ntchito yake. Iye anafotokoza momasuka, m'Chingelezi chake chothamanga, za agogo ena amene ankakana kusamba mpaka awaimbire nyimbo. Anthu anaseka. Kenako anandiloza ndi botolo la madzi n'kunena kuti, "Ngakhale achimwene angawa anagwirapo keya zaka zinayi ku Stoke-on-Trent. Ankasambitsa okalamba ngati ine. Taonani pamene ali lero."

Zinali zoona. Ndinaigwira ntchitoyo ndili pa yunivesite, ndiponso nditamaliza, pamene makampani ankandikana. Kumpingo aliyense ankadziwa. Koma ku kalabu ndinali ndisanatchulepo. Kumeneko nkhani yanga inali yakuti ndinabwera kudzaphunzira, n'kumaliza, n'kulowa ntchito ya uinjiniya. Palibe anaseka. Mmodzi anangoti, "Sindimadziwa zimenezo," wina n'kupempha kuti amupatsire tomato sosi, nkhani n'kupita kwina. Koma ine makutu anandiotcha mpaka kufika kunyumba. Mavidiyo amene anatumiza sabata imeneyo sindinawayankhe.

Sizoni itatha, akochi anandiitanira pambali. Anati zaka zonse ankasankha atatu okwezedwa mongoyang'ana ndi maso, koma chaka chino akufuna zolembedwa. Popeza buku linali ndi ine, anandipempha kuti ndilembe lipoti la wosewera aliyense wa timu yaing'ono: dzanja lake, maso ake pa mpira, liwiro, khalidwe, ndi ngati wakhwima kuti akwere.

Ndinakhala patebulo lodyera Lamlungu masana, buku kumanzere, kompyuta patsogolo. Ntchitoyo ndinaikonda. Panali namwino wina wa ku Walsall amene mpira sunkamupulumuka m'manja, ndipo ndinalemba kuti akwere mosakayika. Panali wophunzira wina amene anakulira mu kiriketi, masewera ena omenyanso mpira ndi ndodo. Ankamenya bwino kuposa aliyense, koma akamenya ankathamanga ndodo ili m'manja monga amachitira ku kiriketi, mmalo moitaya pansi. Ndinalemba kuti chizolowezicho chidzatha, akwere. Panali bambo wina wonenepa, wokonza mapaipi, amene sanajombepo ngakhale tsiku limodzi koma mpira ankauona utadutsa kale. Ndinamufunira mawu okoma. Aliyense ndinamuyeza mwachilungamo, ndikutsegula buku kutsimikiza chilichonse.

Lipoti la mphwanga uja ndinalisiya komaliza. Ndinatsegula masamba a Julaye ndi Ogasiti ndipo zolemba za dzanja langa lomwe zinali poyera: pa timu yaing'ono panalibe woponya womuyandikira, ndipo ngakhale pa yaikulu akanandiposa ine. Ndinadziwa kuti akakwera, malo a woponya wachitatu ndi ake. Ndinakumbukiranso botolo la madzi lija likundiloza. Ndinalemba kuti ali ndi dzanja lamphamvu. Kenako ndinalemba kuti ndi wosadalirika, sabwera ku pulakatisi, amachedwa kumva malangizo, ndipo ndi bwino akhale chaka china pa timu yaing'ono.

Polemba ndinkadziuza kuti sindikunama. Kujomba ankajombadi. Panalinso tsiku limene sanamve zimene akochi ananena, chifukwa Chingelezi cha dera lino la Black Country chimavuta ngakhale kwa ife okhalitsa. Koma za rota sindinalembe. Za khoma la magalaja sindinalembe. Za masamba a Julaye ndi Ogasiti sindinalembe.

Akochi atawerenga anandiimbira foni. "Za mnzanu uja mwatsimikiza?" anafunsa. "Ine ndimaona ngati wakonzeka. Koma inu mumamudziwa bwino, mumalankhula chilankhulo chake."

"Ndatsimikiza," ndinatero. "Chaka china chimuthandiza."

Anakwezedwa namwino, wa kiriketi, ndi munthu wina wachitatu amene anali wapakatikati.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti akochi anaganiza zopatsa aliyense lipoti lake. Pa chakudya chotsekera sizoni, Loweruka masana, anayenda tebulo ndi tebulo kugawa maenvulopu. Pamapepalapo panalibe dzina la wolemba, panali dzina la kalabu lokha. Mphwanga uja anali pa shifiti tsikulo, choncho envulopu yake anamutumizira pa positi.

Lamlungu la sabata yotsatira, titatuluka m'tchalitchi, anandipeza pamalo oimika galimoto. Pepala lija linali m'thumba la jekete, litapindidwa kanayi.

"Achimwene, tandithandizani. Mwina Chingelezi changa ndi chimene chikuchepa. Apa akuti ndimachedwa kumva malangizo. Akutanthauza kuti ndine wogona m'mutu?"

Ndinalandira pepalalo n'kumaliwerenga ngati ndikuliona koyamba. Mawu anga omwe, opanda kadontho kamene ndinaiwala kuika kumapeto kwa mzere wachitatu.

"Sakutanthauza choncho kwenikweni," ndinatero.

"Nanga wosadalirika? Mkulu wa timu uja ndinamufotokozera za rota. Anandigwira paphewa n'kunena kuti akumvetsa. Kodi nthawi yonseyi amandiona chonchi?"

Mpata unalipo. Anandiyang'ana m'maso akudikira, anthu akudutsa ndi mabaibulo awo. Chimene chinatuluka m'kamwa mwanga ndi ichi: "Usadandaule mphwanga, azungu ndi choncho. Pamaso amaseka nawe, papepala amalemba zina."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kupinda pepala lija. "Zikomo achimwene. Bola inu mumandiuza zoona."

Masabata awiri anadutsa. Ndinkapita kuntchito, kuyeza zitsulo, kubwerera. Ndinkadziuza kuti nyengo yozizira ikatha nkhaniyo idzaiwalika, ndipo chaka chamawa ndidzamulembera lipoti labwino kwambiri. Kenako tsiku lina nditabwera kuntchito ndinapeza golovesi yanga yakale ili patebulo la kukhitchini, m'jumbo. Mkazi wanga anali akusenda anyezi.

"Wabweretsa ndi mlamu wanu wa ku Mchinji," ndinafuna kunena mwanthabwala, koma anandidula.

"Wabwera masana. Akuti wasiya mpira. Akuti sangasewerere munthu amene amamuona ngati chitsiru." Anaika mpeni pansi. "Anandionetsa pepalalo. Abambo, si inu munakhala patebulo ili Lamlungu lija kulemba malipoti?"

Ndinayamba kufotokoza za kujomba ndi za malamulo a kalabu. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera. Kenako ndinamuuza zonse, za pa udzu paja ndi botolo la madzi, za phewa langa, ndi zimene ndinanena pamalo oimika galimoto.

Mkazi wanga ndinakumana naye ku Stoke komweko, pa nyumba yosungira okalamba, tonse titavala mayunifolomu a buluu. Iye anaigwira ntchitoyo nthawi yaitali kuposa ine, ndipo ndi imene inatisunga pamene ndinkayenda ndi mapepala ofunsira ntchito.

"Ndiye kuti ntchito ija mumachita nayo manyazi," anatero motsitsa mawu. "Ineyo anzanu a ku mpira munawauza kuti tinakumana kuti?"

Ndinali nditawauza kuti tinakumana ku yunivesite.

Anatenga mpeni n'kupitiriza kusenda. "Mnyamatayo ali yekha m'dziko muno. Munthu mmodzi wachizungu amene anamukomera mtima, inu mwamusandutsa mdani. Pitani mukakonze. Ine sindikamuuza, koma sindidzakhalanso naye patebulo limodzi ndikudziwa zimenezi iye asakudziwa."

Ndinayambira kwa akochi chifukwa ndinkaona ngati n'kosavutirapo. Ndinawapeza Loweruka m'mawa pa kadimba kawo ka lendi, akuzula mitengo ya nyemba youma. Ndinalankhula nditaimirira pakati pa mizere ya kabichi. Sanavule chipewa. Anamvetsera manja ali pa fosholo.

"Ndinakumana naye pa sitolo sabata yatha," anatero nditamaliza. "Ndinamupatsa moni, iye n'kuyang'ana kumbali. Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinamulakwira chiyani." Anazika fosholo pansi. "Lipoti loipa ndikanalimvetsa. Aliyense amalakwitsa poyeza wosewera, inenso ndalakwitsapo kambiri. Koma munamuuza kuti ndine munthu wa mtundu umenewo, mukudziwa kuti akukhulupirirani."

Ndinapepesa. Anati kupepesa kwa iwo kudikire. Ndikamuuze kaye mwini wake, ndi pakamwa panga, ndipo ndikatero iwo adzadzionera okha mmene amaponyera, popanda pepala la wina aliyense.

Ndinamuimbira foni Lolemba. Anati ali ndi mphindi makumi awiri masana pakati pa nyumba ziwiri, ndimupeze poimika galimoto pa sitolo ina yaikulu ku Oldbury. Ndinapempha chilolezo kuntchito. Ndinamupeza m'kagalimoto kake akudya buledi ndi tiyi wa m'fulasiki, atavala yunifolomu, bokosi la magolovesi a pulasitiki lili pampando. Analichotsa kuti ndikhale.

"Achimwene, ngati mwabwera kudzandinyengerera za mpira, musavutike."

"Ayi. Ndabwera kudzakuuza kuti lipoti lija sanalembe ndi akochi. Ndinalemba ndine. Iwo ankafuna ukwere. Anandifunsa ngati ndatsimikiza, ine ndinati ukhale."

Anasiya kutafuna. Anatseka fulasiki bwinobwino n'kuiika pakati pa miyendo.

"Mawu onse aja?"

"Onse."

"Ndiye tsiku lija kutchalitchi, pamene munkawerenga..."

"Ndinkawerenga zanga zomwe."

Anayang'ana kutsogolo, kumene mayi wina ankalimbana ndi ngolo yogulira zinthu. Patapita nthawi anafunsa kuti, "Ndinakulakwirani chiyani?"

Ndinamuuza za tsiku la masangweji lija, kuti anzanga sankadziwa zoti ndinagwirapo keya. Ndinamuuzanso kuti ndinkaopa kuti atenga malo anga. Pozinena mokweza, m'kagalimoto konunkha mankhwala opukutira m'manja, zifukwa zanga zinamveka zazing'ono kwambiri moti ndinalephera kumaliza chiganizo chomaliza.

"Ine ndinkanena monyadira," anatero. "Akazi anga ndimawauza za inu pafoni. Akamadandaula kuti ndinasiya uphunzitsi kudzasambitsa anthu, ndimawauza kuti kuno kuli munthu anayambira pomwe ndili pano." Anapukuta nyenyeswa pa buluku. "Za malo anu ndikanamvetsa. Mukanandiuza kuti mphwanga dikira chaka chimodzi, phewa langa lili ndi sizoni imodzi yotsala, ndikanadikira. Koma masabata atatu ndakhala ndikudana ndi mkulu uja. Ndinamutembenukira nkhope pa sitolo, munthu wamsinkhu wa bambo anga, wosalakwa."

"Ndikhululukire," ndinatero.

Anayang'ana wotchi ya pafoni. "Agogo akundidikira, mankhwala awo ndi a wani koloko. Mutseke chitseko mwamphamvu, chimavuta."

Ndinatsika. Ndinaima pamenepo mpaka galimoto inatuluka pageti.

Akochi anachita zimene ananena. Anapita okha kunyumba kwake, ndipo zimene anakambirana sindikuzidziwa. Mu Novembala, pa pulakatisi ya m'holo ya sukulu ina imene tinkabwereka nyengo yozizira, anamuimika patsogolo pa omenya a timu yaikulu. Anali ndi golovesi yatsopano. Ine ndinakhala pabenchi ya ana, mawondo m'mwamba, ndikuona anzanga akuphonya mmodzimmodzi. Pomaliza akochi analengeza kuti chaka chino okwera ndi anayi, chifukwa panali cholakwika m'malipoti. Sanatchule dzina langa. Ndinaimirira ndekha n'kunena kuti cholakwikacho chinali changa, ndipo sichinali changozi. Anthu anayang'ana pansi. Namwino uja anafunsa ngati tingapitirize pulakatisi, nthawi ya holo isanathe.

Sizoni yotsatira malo a woponya wachitatu anali ake, ndipo pofika pakati pa chaka anali wachiwiri. Ine ndinatsala ndi buku. Malipoti a kumapeto kwa sizoni tsopano amalemba anthu atatu, aliyense n'kusaina dzina lake, ndipo ine sindili m'gulumo. Sindinapemphe kuti ndikhalemo. Iye amandipatsa moni mwaulemu nthawi zonse, ku bwalo ndi kutchalitchi komwe. Amati, "Muli bwanji bambo?" Ndikamuuza kuti waponya bwino amati zikomo, n'kupita kukamwa madzi.

Chilimwe chathachi mkazi wake ndi mwana anafika. Lamlungu lawo loyamba kumpingo, anayenda nawo kuwadziwitsa kwa anthu mmodzimmodzi. Atafika pa ine ananditchula dzina, n'kuwonjezera kuti ndine amene ndinamupititsa ku mpira. Mkaziyo anagwira dzanja langa ndi manja awiri, atapinda mawondo.

"Ndiye ndinu amene," anatero. "Ndamva zambiri za inu. Zikomo kwambiri pondisungira abambowa. Amati pakanapanda inu, miyezi yoyamba ija akanabwerera kumudzi."

Ndinayang'ana mwamuna wake. Anali atawerama, akumanga chingwe cha nsapato ya mwana. Ndinazindikira kuti sanamuuze chilichonse. Mkazi wanga anali ataima pambali panga, mbale za makeke zili m'manja.

"Zikomo mayi," ndinatero. "Mwayenda bwanji?"

Anayamba kufotokoza za kuzizira kwa m'ndege ndi mmene mwana anasanzira potera, ndipo ndinamvetsera mpaka anamaliza.